Maunting'i a injini samangidwa mokakamiza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga osunga galimoto zakale komanso amakaniko amene amatikonzera, pa nkhani ya maunting'i a injini. Ambiri timangowaona ngati kalabala wamba, koma ndi amene anyamula injini yonse, nde mukawamanga molakwika ngakhale akhale atsopano satha miyezi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi: munthu wakweza injini ndi jeke, walowetsa maunting'i, basi pompo wayamba kumanga mabauti mpaka kuthina injini ikadali m'mwamba. Ayi ndithu. Akaitsitsa labala uja amakhala atapotoka kale, ndipo amagwira ntchito ali wopotoka choncho mpaka kusiyana ndi chitsulo chake. Zoyenera nzoti mabauti onse mbali zonse ziwiri muwalowetse ndi manja kaye, mongogwiriza, kenako tsitsani jeke pang'onopang'ono injini ikhazikike ndi kulemera kwake konse, muigwedeze pang'ono ipeze malo ake, apo nde mumange, ndipo mumange ndi sipanala ya toki (yoyeza mphamvu yomangira bauti) malinga ndi buku la galimotoyo osati kuchita kukwerapo ndi paipi. Bauti ikakana kulowa musaikhome ndi hamala, ikukuuzani kuti china chake sichili bwino, mwina mwasinthanitsa bulaketi ya kumanja ndi ya kumanzere (zimaoneka zofanana koma pa galimoto zambiri nzosiyana), mwina kachitsulo kolozera malo sikanalowe pabowo pake, kapena maunting'i a giyabokosi ndi ofunika kumasulako kaye kuti injini isunthe.

Pokweza napo pamafunika ulemu. Jeke asagunde sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini) mwachindunji, ikani thabwa lalikulu pakati, apo ayi sampu imabonyoka nkuyandikira paipi yokokera oyilo. Kwezani pang'ono chabe, maso ali pa fani kuti isakhudze lediyeta, mapaipi a madzi asakokeke, ekizozi nayo isapanikizike. Ndipo chonde zala zisalowe pakati pa injini ndi chasisi pomwe zonse zadalira jeke yekha.

Ena amati bola galimoto ikuyenda. Koma mu 1971 kampani ya General Motors ku America inaitanitsa kuti zikakonzedwe galimoto za Chevrolet zoposa 6 miliyoni, zambiri zopangidwa pakati pa 1965 ndi 1969, nkhani yake maunting'i omwewa. Akaduka, injini inkadzuka mbali imodzi munthu akaponda moto, nkukoka zitsulo za akiseleleta, galimoto nkumangothamanga yokha, nthawi zina paipi yothandizira mabuleki nkuzuka. Galimoto zathu zakalezi zambiri maunting'i ake ndi labala womatidwa pa zitsulo ziwiri basi, akasiyana palibenso chogwira.

Musinthe onse awiri limodzi, ngati nkotheka ndi a giyabokosi omwe. Watsopano mbali imodzi wakale wophwa mbali inayo injini imapendekeka, pulopela shafiti siikhalanso pa mzere wake, mukayamba kumva kunjenjemera muzingosintha majointi osalakwa. Onaninso komwe oyilo akudontha chifukwa oyilo amafewetsa labala mpaka kuoneka ngati phala, kuika atsopano pansi pa injini yodontha nkungotaya nthawi. Za maunting'i olimba a pulasitiki wotchedwa polyurethane, kapena kuwotcherera chitsulo m'malo mwa labala, ine pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku sindigwirizana nazo, kunjenjemera konse kumalowa m'bodi ndipo bodi yazaka 50 siichedwa kung'aluka. Opanga galimoto za Plymouth ku America anabweretsa njira yokhazika injini pa labala yomwe ankaitcha Floating Power mu 1931 pofuna kuthetsa vuto lomweli.

Chomaliza chimene amaiwala ambiri ndi waya wa efi, wobweza magetsi, wochoka pa injini kupita ku chasisi. Labala sadutsitsa magetsi, nde mukaiwala kuubwezera, sitata imafuna njira ina, magetsi amadzera pa kebulo ya tchoko kapena ya akiseleleta mpaka kutentha. Mukatha zonse lizani injini, yendaniko masiku angapo, kenako bwererani pansi mukaonenso manati ngati sanamasuke.

Ine wanu,
Wokonda galimoto zakale