Kalata kwa bambo ndi amayi: za sukulu ya udokotala ya mng'ono wanga

Okondedwa bambo ndi amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine kuno ndili bwino. Uthenga wakuti mng'ono wanga wasankhidwa kukaphunzira udokotala wandipeza, ndipo ndasangalala koposa. Komabe ndili ndi mawu, naye mumuwerengere kalatayi.

Pachipatala chimene ndimasamalirapo odwala pamaphunziranso ana a udokotala, choncho chaka ndi chaka ndimaona atsopano akufika. Mukawafunsa chinawabweretsa n'chiyani, onse amati akufuna kuthandiza anthu. Koma tikachezerera limodzi pantchito ya usiku, zenizeni zimatuluka. Wina anadwazikapo agogo ake, wina amangokonda sayansi, wina anachita kumusankhira makolo. Otsirizawa ndiwo amandimvetsa chisoni. Mtsikana wina ndinamupeza akulira pakhonde atangotuluka m'chipinda chimene amaphunziriramo thupi la munthu pa mitembo. Sikuti ankaopa mtembo ayi, ankaopa kuuza bambo ake kuti mtima wake suli pamenepo. Ndiye chonde bambo, mumufunse mwanayo mofatsa ngati akufunadi yekha, ndipo musayambiretu kumuitana kuti adokotala. Dzina limenelo n'lolemera kwa mwana amene sanalembe ngakhale mayeso oyamba.

Kwa iwe mng'ono wanga: zoloweza ziliko, kuyambira mafupa 206 a munthu wamkulu, lililonse ndi dzina lake lachilatini. Ndikudziwa umakonda kudzitsekera wekha ndi buku, koma kumeneko sizikwanira. Masukulu ambiri anatengera njira imene inayambira ku McMaster University ku Canada mu 1969: amapatsa kagulu ka ophunzira nkhani ya wodwala mmodzi, iwo n'kumafufuza okha chimene chikumuvuta. Pamenepo wamanyazi amatsalira. Uzilankhula, ngakhale yankho likhale lolakwa.

Ukadzayamba kulowa m'mawodi, usadzaime kumbuyo kwa anzako. William Osler, amene anali mphunzitsi wa udokotala pa yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, ankalimbikira kuti ophunzira aziphunzirira pambali pa bedi la wodwala, ndipo ndaona ndi maso kuti ankanena zoona. Amene amadzakhala madokotala abwino ndimawadziwiratu. Amakoka mpando n'kukhala pansi kuti wodwala asachite kuwayang'anira m'mwamba, amayamba afunditsa stethoscope (chida chomverera kugunda kwa mtima) m'manja asanaiike pachifuwa cha gogo, ndipo sachita manyazi kufunsa anamwino.

Za nthambi imene udzatenge, usafulumire. Chaka choyamba ambiri amalota zodzachita maopaleshoni, koma akazungulira wodi ya ana, ya amayi oyembekezera ndi ya matenda a maganizo, malingaliro amasintha. Ineyo ndimalakalaka akanachuluka osankha kusamalira okalamba, chifukwa kumeneko manja ndi ochepa, koma sindikukusankhira.

Ukalandira mndandanda wa mabuku ofunika unditumizire msanga, ndiyesetsa kukupezera. Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mwana wanu.