Kagemu ka mapulaneti kandithandiza kumvetsa zomwe ndinkangoloweza pamtima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa makolo anzanga, loti magemu a pa kompyuta akungoononga mitu ya ana. Nanenso ndinkaimba nyimbo yomweyo, mpaka tsiku lina mwana wanga wamkazi atandikhazika pampando n'kundionetsa kagemu kamene analemba yekha ndi JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Kamangotseguka pa browser basi, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti. Pakati pa sikirini pali kadontho kachikasu, ndilo dzuwa. Wosewera amakoka ndi mouse n'kuponya kadontho kena kobiriwira, ndiyo pulaneti yake.

Nditaponya mofatsa, kadontho kanga kanakagwera m'dzuwa. Nditaponya mwamphamvu, kanatuluka pa sikirini osabweranso. Ulendo wachisanu m'pamene kanayamba kuzungulira, koma njira yake inali yooneka ngati dzira. Kakayandikira dzuwa kankathamanga, kakatalikira kankayenda mwaulesi. Pomwepo ndinakumbukira malamulo a Johannes Kepler a mu 1609 onena za kayendedwe ka mapulaneti, omwe ndinkaloweza kusukulu pofuna kungokhoza mayeso. Chodabwitsa n'chakuti mwanayu sanawalembe malamulowo m'pulogalamu yake. Analembamo lamulo limodzi la Isaac Newton la mu 1687, loti zinthu ziwiri zimakokana, ndipo mtunda wa pakati pake ukawirikiza kawiri, mphamvu yokokayo imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Dzira la Kepler linangotulukira lokha kuchokera pamenepo.

Ndivomereze mwamanyazi kuti zaka zonsezi ndinkaganiza kuti pali china chimene chimachirikiza dziko lapansi kuti lisagwere m'dzuwa. Palibe. Likugwa nthawi zonse, kungoti likuthamangiranso cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, ndiye limangoliphonya dzuwalo, lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi vuto lomwe ndinalitulukira ine, ndipo ndimanyadira nalo. Titaisiya gemu ikuyenda yokha, ndinaona kuti pulaneti ikutalikira pang'ono ulendo uliwonse, osaikhudza munthu. Ndinamufunsa kuti mphamvu yowonjezerayo ikuchokera kuti. Anandiyang'ana ngati ndamunyoza, koma madzulo awiri otsatizana anakhala akufufuza. Zimene anandifotokozera ndi izi: kompyuta siyendetsa zinthu mosadukiza ngati chilengedwe, imadumpha timasitepe, pafupifupi ka 60 pa sekondi. Iye ankasuntha pulaneti kaye pogwiritsa ntchito liwiro lakale, kenako n'kusintha liwirolo malinga ndi kukoka kwa dzuwa pamalo pamene pulanetiyo inali isanasunthe. Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu Leonhard Euler, ndipo pa sitepe iliyonse imaiponyera pulaneti kunja pang'ono zedi. Tizolakwika tating'onoti tikaunjikana, pulaneti imathawa. Mankhwala ake anali kusinthanitsa mizere iwiri yokha ya m'pulogalamuyo: liwiro kaye, malo pambuyo. Pulaneti inakhazikika m'njira yake. Ine sindikumbukira phunziro lililonse la kusukulu limene linandigonetsa mochedwa chonchi.

Kenako anawonjezera pulaneti yaikulu yonga Jupiter, ndipo zinthu zinasokonekera. Ukaponya kawiri mofanana kwambiri, mapeto ake amasiyana kutalitali, ndipo zimenezi katswiri wina, Henri Poincaré, anazionetsa ndi masamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kukokana kwa mapulaneti komweku n'kumene kunathandiza kupeza pulaneti ya Neptune mu 1846, katswiri wa zakuthambo Urbain Le Verrier atawerengera chimene chinkapatutsa pulaneti ya Uranus m'njira yake.

Sindikunena kuti kagemuka n'kangwiro. Kamanama pa kukula kwa zinthu. M'lifupi mwa dzuwa mungandandalike maiko apansi pafupifupi 109, choncho kakanajambula moona, dziko lathu silikanaoneka n'komwe pa sikirini. Ndiponso pulaneti ikadutsa pafupi kwambiri ndi dzuwa, masamu amafufuma n'kuigenda kutali mopanda nzeru.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a sayansi ndi masamu. Kumene kuli kompyuta, ngakhale imodzi yakale, asiyeni ana alembe kagemu kotere okha m'malo mongokopera chojambula cha mizere yozungulira pa bolodi. Pulogalamu ya mwana wanga siifika mizere 100, ndipo ikasungidwa pa kompyuta sifuna intaneti. Ikayamba kulakwitsa musathamangire kuwakonzera.

Panopa ndamupempha kuti aikemo mwezi. Wakhala akuyesa kwa sabata, koma dzuwa likumangoulanda. Dzulo wabwera kudzandiuza kuti ngakhale kumwamba kwenikweniko dzuwa limakoka mwezi kuposa kawiri mmene dziko lapansi limaukokera, ndipo akufuna ndimufotokozere chifukwa chake sunatithawe. Ndamuuza kuti andipatse mpaka Loweruka.

Ine wowerenga wanu,
Bambo wa ana atatu