Lipoti la msonkhano wokambirana zopezera ndalama sukulu zaukachenjede zaboma

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kukakhala maso ndi makutu anu kumsonkhano wamasiku awiri uja, wokambirana momwe mayunivesite aboma angapezere ndalama kwa anthu ndi makampani akufuna kwabwino. Ndinapita. Tsiku loyamba kamvula kathu ka ku Mzuzu kanandigwira panjira ndili pakabaza, moti mawu otsegulira anandidutsa. Omwe analipo akuti sindinataye zambiri.

Poyambira nkhani mukupadziwa kale. Ndalama zomwe boma limapereka ku mayunivesite ake a Mzuni (ya ku Mzuzu kuno), UNIMA, LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS zambiri zimathera kumalipiro. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe linabwera ndi lamulo la 2015, silikwanitsa aliyense wopempha. Otsalawo ndi aja amadzagogoda kwa ife, gulu lomwe timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumalipirira ophunzira fizi.

Chitsanzo chomwe chinkatchulidwa mobwerezabwereza ndi cha ku Luwinga konkuno. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuni, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Thandizo linabwera, lina kuchokera kutali ngati ku Virginia Tech ku America. Anthu anapereka chifukwa phulusalo analiona ndi maso, ndipo ankadziwa kuti buku lawo likupita pashelefu. Kungonena kuti "thandizani yunivesite" sikutsegula chikwama cha munthu.

Nthawi yambiri tinathera pa thumba losatha. Ndi ngati nkhuku yoikira: mumadya mazira, nkhukuyo ayi. Ndalama zomwe anthu apereka zimakhala mpamba, zimaikidwa m'masheya, m'nyumba zalendi kapena kubwereketsa kuboma, ndipo sukulu imatapako pang'ono chabe pachaka, ku America nthawi zambiri 4 kapena 5 peresenti. University of Michigan, yomwe ndi yaboma ngati zathuzi, thumba lake linadutsa madola 15 biliyoni. Kuno kwathu MUST ya ku Thyolo inayambitsa kale lake. M'holomo anthu anaomba m'manja ngati ndalamazo zafika kale.

Ine ndinakweza mkono. Ndinawakumbutsa kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nkhuku yotere imaonda ili m'khola momwe. Omwe ankatiphunzitsa pamsonkhanopo anavomera, nati chiwongoladzanja china chiyenera kumabwerera kumpamba chaka chilichonse, apo ayi pakatha zaka khumi mumatsala ndi dzina lokha la thumba. Kwa yunivesite zimenezo n'zotheka. Kwa ife amsonkhamsonkha wapamwezi, ndikuona kuti kutsekera ndalama zonse kubanki mwana akugona ndi njala kungakhale kudzinamiza.

Pa zakafukufuku panali kukokana ndithu. Ku Blantyre, bungwe la Wellcome la ku Britain lakhala likuthira ndalama pakafukufuku wa malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda ena kwa zaka zambiri, ndipo madokotala ambiri akulira mmenemo. Koma mphunzitsi wina anafunsa kuti nanga wofufuza za kuchepa kwa usipa ku Nkhata Bay, kapena za kutha kwa mitengo ku Chikangawa, amulipirira ndani? Wopereka amasankha chomwe chamugwira mtima. Mayi wina anaonjeza kuti sukulu yaboma ikazolowera kupemphetsa, boma limatha kubweza mkono pang'onopang'ono n'kumati aja ali nawo owathandiza. Funso limeneli tinalisiya lili chiimire.

Chomwe chinandikhudza sichinanenedwe pamaikolofoni. Nthawi ya tiyi ndinaima ndi mtsikana wina wachaka chachitatu. Anatenga mabanzi awiri, limodzi n'kudya, linalo n'kulikulunga m'pepala la pulogalamu n'kuponya m'chikwama. Ataona kuti ndaona, anaseka, nati ndi la mnzake wogona naye chipinda. Fizi yake inalipiridwa yonse ndi munthu wina wachifundo, koma lendi, makala ndi ndiwo ndi zake. Ife takhala tikuganiza kuti tikalipira fizi ndiye kuti tamaliza.

Tsopano ndinene zotiwawa. Onse oyankhula anagwirizana kuti munthu amaperekanso kachiwiri akauzidwa komwe ndalama yake yoyamba inapita. Kupatsa n'kuika, koma woikayo amafuna kuona poikapo. Ndinakumbukira bambo aja ogulitsa zomangira nyumba omwe anatithandiza chaka chatha. Sitinawalembere kalata, sitinawaonetse lisiti, ngakhale zotsatira za mayeso za mwana yemwe anamulipirira. Chaka chino titapitanso anatiuza kuti bizinesi siikuyenda, ife n'kumawanena kuti aumira. Vuto linali lathu, ndipo ine ndinali m'gulu lomwe linayenera kulemba kalatayo.

Ndikupempha kuti Loweruka likubwerali tigamule ngati gawo lina la msonkhamsonkha lingamapite ku chakudya ndi lendi, komanso tisankhe munthu mmodzi woti semesita iliyonse azilembera aliyense wotithandiza, ndi malisiti omwe. Zolembetsa gulu lathu mwalamulo zisachedwenso, chifukwa makampani sapereka cheke m'dzina la munthu. Mapepala onse amsonkhano ndasiya kwa alembi, ndipo chenji ya kabaza ili kwa asungichuma.