Tisamati kugwetsa chiboliboli n'kufufuta mbiri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano wa ziboliboli umene wakhala ukubuka m'maiko osiyanasiyana. Anzanga ambiri amati kugwetsa chiboliboli n'kufufuta mbiri. Ine ndikukana.

Taonani cha Edward Colston mumzinda wa Bristol ku England. Mkuluyu anali mmodzi wa akuluakulu a Royal African Company, kampani imene inkatenga anthu ku Africa n'kukawagulitsa ngati akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Anamwalira mu 1721, koma chiboliboli chake chinaimikidwa mu 1895, patatha zaka 174. Amene anachiimikawo sanamuonepo n'komwe. Anasankha kukumbukira ndalama zimene ankapereka kusukulu ndi kwa osauka, za kumene ndalamazo zinkachokera anangoti zii. Ndiye chinkatiuza za ndani, za Colston kapena za anthu a 1895? Pa 7 June 2020 ochita zionetsero anachigwetsa n'kuchiponya m'madzi padoko. Khonsolo itachivuula, chinakaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya M Shed chili chogona, penti ya ochita zionetsero aja ili pomwepo. Mwana wokachiona kumeneko amva nkhani yonse, pamene kale akanangoona munthu wolemekezeka ataima pamwamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu akuti "tisawaweruze, nthawi yawo inali imeneyo". Nanga anthu amene ankamangidwa maunyolo m'zombo zija sanali a nthawi yomweyo? Iwo ankadziwa kuti zimene akuchitiridwa n'zoipa, n'chifukwa chake ena ankaukira ali pakati pa nyanja. Tikamati anthu onse ankaganiza choncho, ndiye kuti akapolowo sitikuwawerengera m'gulu la anthu, monga mmene ogulitsawo ankachitira.

Sikuti nkhani zonse n'zophweka chimodzimodzi. Mahatma Gandhi ali ku South Africa analemapo mawu onyoza anthu akuda. Yemweyonso anatsogolera nkhondo yopanda zida imene inathandiza India kupeza ufulu mu 1947, ndipo Martin Luther King Jr. anatengerapo nzeru. University of Ghana inachotsa chiboliboli chake mu December 2018 aphunzitsi ena atadandaula. Sindiwadzudzula, pakuti ndiwo ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi ufulu wonena amene akufuna kumulemekeza pakhomo pawo. Koma ndimakhumudwa ndikamva wina akunena ngati Gandhi ndi Colston ndi amodzi. Munthu mmodzi akhoza kulakwa kwambiri n'kuchitanso zabwino zazikulu, ndipo mbiri yoona imatchula zonse ziwiri, zimene mwala wosemedwa sungathe.

Ophunzira a University of Cape Town anazindikira msanga kuti mwalawo si mapeto a nkhani. Chiboliboli cha Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain, chinachotsedwa pa yunivesiteyo mu April 2015 ophunzirawo atachita zionetsero, koma pofika October chaka chomwecho ophunzira m'dziko lonse la South Africa anali m'misewu, ulendo uno akulimbana ndi fizi imene inkatsekereza ana a osauka kunja kwa geti.

Wowerenga wanu