Kalata kwa a khansala a wadi yathu kuno ku Harare

A khansala,

Ndalemba mChichewa dala, musanamizire kuti simukumva. Malemu mayi anu tinkakhala nawo benchi imodzi ku CCAP, nsima ya pa maliro awo ndinavundula nawo ineyo usiku onse, inuyo ndinakuonani mukuthamanga mu lokesheni muno kabudula ali ong'ambika kumbuyo. Ndiye tisanamizane.

Nkhani yanga ndi ya kampeni ya 2023 ija, ndaisunga mumtima nthawi yaitali koma ikundiwawabe. Kutatsala masabata awiri kuti tivote pa 23 Ogasiti panabwera mnyamata wanu pa geti panga, atavala tisheti ya nkhope yanu, kandipatsa kapepala nkuyamba kundilalikira mChishona. Za madzi sananene, za suweji yomwe imaphulika mumsewu mwathu dzinja lililonse sananene, anangoti amayi musavotere uja, ndi mubhurandaya, akawina maploti onse atenga manyasarande. Maina onyozera ife a mtundu wa ku Malawi amenewo, ochokera ku Blantyre ndi Nyasaland. Mwanayo samadziwa kuti akulankhula ndi ndani. Ndinangoti zikomo mwanangu nkutseka geti, manja akunjenjemera.

Munthu ankamunenayo ndi mphunzitsi opuma, anabadwira momwe muno, ku Malawi anapitako kamodzi kokha kokaika agogo ake. Theka la ana a mu wadi muno anawaphunzitsa samu iyeyo. Ku mjigo pa mzere wa madzi azimayi ankavomerezana kuti bamboyu akulankhula zanzeru, eeh zanzeru ndithu, kenako wina amatsitsa mawu nkuti koma dzina lakelo. Basi nkhani yathera pomwepo. Palibe anamutsutsa pa mfundo, anagwa ndi dzina la bambo ake, ndipo inu munaona zonsezi nkungokhala duu chifukwa mphepo imakomera inu.

Mwina mwaiwala komwe mawu amenewa akuchokera. Bambo anga anabwera wapansi kudzera ku Tete nthawi ya chitaganya, cha pakati pa 1953 ndi 1963 paja, nkukagwira pa famu ya fodya mpaka msana kupindika. Mu 1980 anavota ngati wina aliyense, anavala jekete tsiku limenelo. Kenako mu 2001 kunabwera lamulo lija loti ukakane umzika wa dziko lina, olo dziko loti sunaliponde chibadwire, ndipo anthu ambirimbiri anangodzuka ali alendo, chitupa chili ndi chilembo cha A. Mu 2002 bambo anabwezedwa pa mzere wovotera, anabwera kunyumba nkukhala pa khonde osalankhula mpaka dzuwa kulowa. Nthawi yomweyo mafamu anali akulandidwa, ogwira ntchito ambiri a kwathu anathamangitsidwa opanda kolowera, ena nkudzaunjikana ku Epworth. A Mugabe pa msonkhano ankanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi anthu opanda mitupo. Opanda mfunda ife? Nanga Phiri, Banda, Mwale, Nkhoma nchiyani? Ine mpaka lero zimandiseketsa mopweteka.

Malamulo a dziko a 2013 anakonza zimenezi, gawo 43 likuti obadwira mu Zimbabwe kholo lake lili la dziko la SADC ndi mzika, ndipo mu 2017 khoti lalikulu linalola kuti a zitupa za A alembetse mkaundula wa voti akabweretsa setifiketi yobadwira. Pa pepala zinatha. Koma munthu amene anachititsidwa manyazi pa mzere pamaso pa aneba sabwereranso wamba, bambo anamwalira osavotanso, ndipo mumsewu mwathu mokha muno ndikutha kuwerenga agogo asanu oti chitupa sanasinthe, ena setifiketi alibe chifukwa anabadwira pa famu. Ine ndinapita ku ofesi ina katatu, kalaliki kungoona dzina langa nkundifunsa kuti kumudzi kwanu nkuti, amfumu anu ndani. Ndimuuze mfumu iti, ya pa komboni ya famu?

Ndiye tsankholi limadya mbali zonse a khansala. Aneba athu amakana munthu chifukwa cha dzina, ife ena sitipita nkomwe kokavota, ndiye pali ena a ife, ndipo izi ndi zomwe zimandiwawa kwambiri, anavotera inu dala kuti asaoneke ngati akukokera kwawo. Mphwanga weniweni anatero, ana ake anawapatsa maina a Chishona okhaokha, Chichewa mnyumba mwake ndi cha kuchipinda, akamva ng'oma za gule Loweruka amatseka mawindo.

Ife sindikutiyeretsa ayi. Alipo anavotera mphunzitsi uja osamva olo liwu limodzi la zomwe ankanena, bola wakwathu. Matenda omwewo. Ku Malawi komweko mu 1994 anthu anavota ngati agawana ndi mpeni, kumwera a Muluzi, pakati a Kamuzu, kumpoto a Chihana, ndiye sitinganene kuti tinaphunzira kuno. Koma suweji ikaphulika sifunsa mfunda, imalowa kwa Moyo ndi kwa Phiri chimodzimodzi, kolera ya 2008 inatenga onse ku Budiriro.

Chomwe ndikupempha si ndalama, si ploti. Pa msonkhano wa wadi ukubwerawu muimirire munene ndi pakamwa panu kuti mayi anu anali a ku Dedza, anakuyamwitsani akuimba Chichewa, ndipo mnyamata aliyense ovala tisheti yanu akadzanenanso mubhurandaya pa geti pa munthu avule tishetiyo. Mwina mutaya mavoti angapo, sindikukana. Chinanso, agogo asanu aja, mupeze kombi muwaperekeze akasinthe zitupa chisankho china chisanafike, mukaime nawo pa mzere inuyo osati kutuma ana, kalaliki akaona khansala safunsa za amfumu.

Kwathu mukukudziwa, mbatata ya mayi anu munkadzatenga pomwepa. Loweruka masana ndimakhalapo, mubwere nokha.

Ine mayi wa mu wadi yanu, mnzawo wa malemu mayi anu