Lipoti la msonkhano wa za telecentre: tisathamangire kuumba njerwa

A Gogo Chalo, magulupu ndi anyakwawa, a wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera lathu, a khansala ndi mamembala nonse, landirani moni. Munandituma ku boma kuti ndikamve za nkhani ija inabwera pa kalata, yoti ntchito zambiri za boma zikusamukira pa intaneti ndipo kumudzi kuno kukufunika malo amodzi oti tonse tizikathandizidwirako. Ndinapita ndipo ndabwerako bwino. Ndalemba lipotili kuti muliwerengeretu, tikadzakumana tisadzathe tsiku ndi kufotokoza koma tidzamange mfundo.

Ndiyambe ndi kuulula. Munanditsanzika ndi mawu akuti ndikapemphe nyumba ya makompyuta, ndikanenenso kuti njerwa ndi mchenga tisonkha tokha. Mawu amenewo sindinakawatule. Ndinawasunga dala, ndipo ngati ndinalakwa mundidzudzule mutamva chifukwa chake.

Msonkhano unali wa masiku awiri. Kunali a khonsolo, nthumwi za madera anzathu, aphunzitsi, achinyamata ndi akatswiri a za mauthenga ochokera ku Lilongwe. Za malonje ndi zoyamikirana, zomwe zinadya m'mawa wonse wa tsiku loyamba, ndizisiya.

Mutu wa nkhani ndi wakuti intaneti yatipeza kale, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Mwana akakhoza MSCE, kufunsira malo ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndi pa intaneti. Kufunsira ngongole ya maphunziro apamwamba ndi pa intaneti. Kulembetsa ndi kulipira mayeso a MANEB kunalowa momwemo. Wofuna kulembetsa bizinesi ali ndi njira ya pa intaneti, ndipo a MRA ali ndi Msonkho Online. Maziko a zonsezi ndi chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017, pamene a NRB analembera anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Chaka chomwecho Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni za pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe mwa zina inali yolumikiza maofesi a boma, sukulu ndi zipatala ku intaneti. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse timakhala kumudzi, ndipo mabanja owunikira magetsi m'dziko lonse anali pafupifupi 11 okha mwa 100. Ndiye khomo latsopanoli lilipo ndithu, koma ambirife tilibe kiyi wake. Foni zathu zambiri ndi za mabatani, ndipo ngakhale amene ali ndi foni yaikulu, fomu yaitali ya Chingerezi pa galasi losweka, bandulo ikutha, si chinthu chamasewera.

Anatikumbutsanso kuti ganizo la malo ogwiritsa ntchito tonse si lachilendo. MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, inakhazikitsa ma telecentre, omwe ndi malo a makompyuta ndi intaneti ogwiritsa ntchito aliyense, m'madera angapo zaka zapitazo, monga ku Goliati ku Thyolo, kwa Khudze ku Mwanza ndi ku Lupaso ku Karonga, ndipo lamulo la za mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti lizithandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumene makampani saona phindu. Kulinso malo a Mlambe, monga a pa positi ofesi ya ku Lilongwe ndi ya ku Mangochi, komwe nthambi zingapo za boma zinaikidwa pansi pa denga limodzi.

Mpaka apa ndinali ndikadali ndi mawu anu a njerwa pakamwa. Chimene chinanditseka ndi ulendo wa masana a tsiku loyambalo.

Anatitengera pa tauni ina yaing'ono kukaona malo otere, omwe anamangidwa ndi bungwe lina lomwe linamaliza pulojekiti yake n'kupita. Nyumba ndi yabwino kuposa kalasi iliyonse ya kwathu kuno: malata, mawindo a magalasi, zitsulo zotchinga akuba, penti akadali wowala. Kiyi tinamudikira kanthawi ndithu chifukwa wosunga anali ku dimba. Titalowa tinapeza makompyuta atavundikiridwa ndi zitenje, ndipo pa chitenje chimodzi panali zitosi za mileme. Ndinakweza chivundikiro cha pulinta ndipo m'kati munali chisa cha mavu. Pakona panali mabatire a sola atafufuma ngati mandasi. Pa khoma pakadali pepala la mitengo ya fotokope, yomwe lero singagule ndi machesi omwe. Buku la alendo ndinalitsegula: masamba oyambirira odzaza ndi mayina a ana a sukulu, kenako mayina akucheperachepera, kenako mbee.

Palibe chinabedwa. Tinafunsa chinachitika n'chiyani, ndipo bambo wina wa komiti ya pamalopo anayankha mosabisa. Mabatire atafooka, ndalama yogulira ena panalibe, chifukwa za fotokope zinkathera ku mapepala ndi inki. Mnyamata amene anaphunzitsidwa kuyendetsa malowo ankagwira mongodzipereka. Anapirira, koma atakwatira anapita ku Joni. Amene anatsala sankadziwa ndi pasiwedi yomwe. Bamboyo anamaliza ndi kuti njerwa anaumba okha, ndipo mpaka lero zikuwapweteka akamadutsa pamenepo.

Pobwerera galimoto inaima pa msika, ndipo ndinaona china chomwe sichinali pa ndondomeko ya msonkhano. M'kashopu kopapatiza, kogawana khomo ndi wometa, munali mtsikana ali ndi laputopu imodzi yakale, pulinta ndi sola pa denga. Panja panali mzere. Ankathandiza mwana wina kudzaza fomu ya ngongole ya sukulu, uku akutchajitsa mafoni, uku akutumizira anthu ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Malo ake n'ngosaoneka bwino, koma ndi otsegula tsiku lililonse, chifukwa akatseka sadya.

Tsiku lachiwiri ndi pamene panali mkangano weniweni, ndipo unali pa munthu woyendetsa malo otere. Akatswiri anapereka zitsanzo za maiko ena. Ku India kuli ma Common Service Centre omwe anayamba mu 2006. Woyendetsa amakhala munthu wa m'mudzi momwemo, malowo ndi bizinesi yake, ndipo amapeza kangachepe pa ntchito iliyonse ya boma imene wathandizira. Ku Rwanda anayambitsa Irembo, tsamba la pa intaneti la ntchito za boma, mu 2015, ndipo amene alibe foni kapena sadziwa kuwerenga amapita kwa ejenti wovomerezeka kuti amufunsire chikalata. Ku Kenya anatsegula ma Huduma Centre, malo othandizirako anthu pa ntchito za boma, mu 2013, ambiri mwa iwo m'nyumba za positi ofesi zomwe zinalipo kale. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti ku India ndi ku Rwanda wothandizayo amalipidwa pa ntchito imene wagwira, ndipo ku Kenya sanayambe ndi kukumba maziko.

Ena anakana. Mphunzitsi wina wamkulu anati mukaika bizinesi pakati pa nzika ndi boma lake, mwatsegulira khomo madobadoba. Sananame. Tonse tikudziwa anthu oima pa zipata za maofesi aja, okulipiritsa chinthu chaulere. Mayi wina wochokera dera la kumapiri anafotokoza za agogo a m'mudzi mwawo omwe amapereka foni ndi PIN yomwe kwa wina kuti awatapire ndalama, n'kulandira zoperewera osadziwa. Pa kompyuta ngoziyo ndi yaikulu kuposa pamenepo, chifukwa wokudzazira fomu amaona nambala ya chiphaso chako, tsiku lobadwa, zotsatira za mayeso a mwana wako, mwina ndi za matenda. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa motere, koma lamulolo silidzakhala nawo m'kashopu muja agogo akamapereka chiphaso. Zimene tinagwirizana ambiri n'zakuti wothandiza akhale wodziwika kwa mafumu ndi ku khonsolo, mitengo ikhale yolembedwa pa khoma m'Chichewa, ndalama ya boma ikhale payokha ndipo ya wothandiza payokha, ndipo aliyense azituluka ndi lisiti. Asamasunge zithunzi za ziphaso za anthu m'kompyuta ntchito ikatha, ndipo PIN munthu azidina yekha.

Ine ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinaona kuti linawasowetsa mtendere pang'ono. Ndinati, kodi ndi ntchito ziti zimene munthu angayambe ndi kumaliza ali pa telecentre, osakweranso kabaza? Inu mukudziwa kuti kupita ku boma ndi kubwerako pa njinga yamoto kumatidyera ndalama yokwana ndowa ya chimanga, ndipo nthawi ya mvula mtsinje ukadzaza sitiwoloka n'komwe. Chaka chatha ine ndinayenda maulendo atatu kulondola chikalata chimodzi ku ofesi ina: ulendo woyamba netiweki kunalibe, wachiwiri wosayina anali ku maliro, wachitatu ndi pamene anandiuza kuti ndikanabwera ndi fotokope ziwiri. Yankho lomwe ndinalandira ku msonkhanoko ndi lakuti ntchito za mafomu okhaokha, monga za ku yunivesite ndi za ngongole ya maphunziro, zimatheka ndithu. Koma chilichonse chofuna zidindo za zala kapena kujambulidwa, monga chiphaso cha unzika, pasipoti ndi laisensi yoyendetsera galimoto, munthu ayenera kukaonekera pamaso pa ofesala. Apa tisanamize anthu. Tikawauza kuti boma lonse labwera m'kompyuta, adzafika ndi chiyembekezo cha pasipoti, n'kubwerera akutukwana komiti. Chimene malowa angachite pa ntchito zoterezi ndi kukuuziratu zofunika kunyamula ndi ndalama yake yeniyeni, kuti ulendo ukhale umodzi m'malo mwa atatu. Ndinapemphanso kuti ngati malowa adzakhalepo, maofesala a ziphaso azibwera ndi makina awo pa masiku odziwika, monga amachitira a sikelo ya ana.

Za netiweki tinakambako mwachidule. Kwathu kuno imagwira bwino pa sukulu ya sekondale ndi pa chulu chija cha kuseri kwa msika, kwina konse n'kongoyerekeza. Wachinyamata wina anatchula Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo siidalira nsanja ya foni. Ndi zoona, koma imafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndiye tabwereranso pa funso la bambo wa mabatire uja: adzalipira ndani chaka chachitatu?

Khonsolo yapempha dera lililonse kuti lilembe maganizo ake. Sanalonjeze ndalama, ndipo ndikubwereza kuti sanalonjeze, kuopa kuti mawa zingamveke m'midzi kuti makompyuta ali m'njira. Anati maganizowo adzalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lathu, ndipo ndi imene adzagwiritse ntchito pokapempha thandizo.

Maganizo anga, amene muli ndi ufulu wowakana, ndi akuti tisapemphe nyumba. Tipemphe chipinda chimodzi pa TDC, malo osulirako aphunzitsi aja, kapena pa sekondale yathu, pomwe pali kale mlonda ndipo netiweki imafika. Tipemphe sola yamphamvu, makompyuta awiri kapena atatu ndi pulinta yomwe inki yake imapezeka ku boma kwathu konkuno, osati yoitanitsa ku Blantyre. Tiphunzitse anthu awiri, mmodzi akhale wamkazi, chifukwa pali amayi amene sangamasuke kufotokoza za m'banja mwawo kwa mnyamata, komanso kuti wina akachoka malo asafe. Azilipidwa kuchokera pa fotokope, kutchaja mafoni ndi kudzaza mafomu, ndipo gawo la ndalamazo lizipita ku akaunti ya mabatire yosayinira anthu atatu. Akaunti imeneyi isamabwerekedwe, ngakhale pa maliro. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, koma ndi pamene ndalama za magulu athu zimathera.

Pali china chomwe ndikufuna mafumu atiunikire. Ngati m'dera muno muli kale wachinyamata amene akuchita ntchitoyi payekha ngati mtsikana wa pa msika uja, kodi si kwabwino kumulimbikitsa iyeyo n'kumuikira malamulo, kusiyana n'kutsegula malo oti adzamuphere bizinesi kenako nawonso n'kufa? Ine ndapendekera kumeneko, koma ndikuopa nkhani ya kukondera posankha, ndipo a mfumu mukuwadziwa bwino ana anu kuposa ine. Aphunzitsi aakulu nawonso sindinawafunse ngati angalole anthu akunja kumalowa pa sukulu nthawi ya maphunziro. Mwina padzafunika khomo lakelake loyang'ana kumsewu.

Mapepala onse amene anatigawira ndawasiya kwa alembi, pamodzi ndi fomu yolembapo maganizo a dera, yomwe ikufuna sayini ya a wapampando ndi chidindo cha a Gogo Chalo. Ndalama ya thiransipoti imene munandisonkhera anatibwezera kumeneko, ndipo ndaipereka yonse kwa asungichuma, lisiti lili m'buku. Ndikupempha a wapampando kuti pa nkhumano ikubwerayi muitanenso aphunzitsi aakulu a sekondale, a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ndi achinyamata awiri amene anafunsirapo malo ku yunivesite chaka chino, atifotokozere kumene anakadzazira mafomu ndi ndalama zimene anawononga.

Ndine nthumwi yanu.