Asilikali akaukira, tiziyang'ananso yankho la boma

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya asilikali oukira akuluakulu awo. Ambiri timachita chidwi ndi tsiku limene mfuti zalira, osafunsa zomwe boma linachita kutacha.

Pa 20 Januwale 1964 asilikali a Tanganyika Rifles, gulu la nkhondo la dziko la Tanganyika (lomwe lero ndi mbali ya Tanzania), ku Colito Barracks, mumzinda wa Dar es Salaam, anagwira akuluakulu awo achingerezi n'kuwathamangitsa. Ankadandaula za malipiro ochepa, komanso zoti patatha zaka ziwiri dziko litalandira ufulu, maudindo akuluakulu anali adakali m'manja mwa azungu. Madandaulowo anali omveka ndithu. Pulezidenti Julius Nyerere anayamba wabisala, ndipo nduna yake Oscar Kambona ndiye anakakambirana nawo. Sabata isanathe, anzawo a ku Jinja ku Uganda ndi a ku Lanet ku Kenya anaukiranso. Onsewa anali mphukira za King's African Rifles, gulu lomwe agogo athu ena analowera ku Zomba.

Pa 25 Januwale asilikali a Britain ochokera m'sitima ya HMS Centaur anatera ku Colito n'kulanda zida. Nyerere zinamuchititsa manyazi kuitana atsamunda omwe anali atangowatsanzika, koma sanalekere pomwepo. Anathetsa gulu lonselo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anakhazikitsa latsopano, lomwe anyamata ambiri analembedwa kudzera m'chipani chake cholamula cha TANU. Zolowetsa chipani m'gulu la nkhondo ine sindigwirizana nazo, komabe mpaka lero asilikali sanalandepo boma ku Tanzania.

Ku Jinja nkhani inayenda mwina. Asilikali anatsekera nduna Felix Onama mpaka atavomera kuwakwezera malipiro. Nakonso a Britain anabwera, ena mwa oukirawo anachotsedwa ntchito, koma malipiro anakweradi, maudindo n'kuyamba kugawidwa mwachangu. Msilikali aliyense anaona ndi maso ake kuti ukaopseza nduna ndi mfuti, ndalama imatuluka. Milton Obote, yemwe anali nduna yaikulu ya Uganda, ankaganiza kuti wagula mtendere. Mmodzi mwa omwe anakwera msangamsanga nthawi imeneyo anali Idi Amin, amene anadzamulanda boma pa 25 Januwale 1971.

Ndiye akamalemba nkhani za asilikali oukira m'maiko ena, atolankhani anu azitiuzanso kuti madandaulowo anakhala miyezi ingati pa tebulo la nduna, komanso ndani wakwezedwa udindo phokoso litatha.

Wowerenga wanu,
Zomba